Kaundula wa misewu, ngalande ndi makalavati: kayambidwe ndi kasungidwe kake mumzinda wa Blantyre

Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pa hekitala imodzi, pamatsika madzi okwana malita 500,000. Pamene pali udzu ndi mitengo, gawo lalikulu limalowa m'nthaka. Koma pamene padzaza malata, simenti ndi mabwalo osesedwa mpaka kuuma gwa, monga m'mbali mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe, madzi ambiri amathamangira kumunsi, ndipo choyamba kukumana nacho ndi ngalande ya khonsolo. Ngalandeyo ikakhala yodzaza mchenga ndi majumbo, madzi amakwera pamsewu, amalowa m'ming'alu ya phula n'kufewetsa maziko. Lole ikadutsapo kangapo, dzenje labadwa.

N'chifukwa chake wosamalira katundu wa khonsolo mumzinda uno ayenera kuyamba ndi njira za madzi, phula libwere pambuyo. Kuchepa kwa ndalama aliyense amakudziwa. Chimene sichikambidwa kwambiri n'chakuti ngakhale ndalama zochepazo zimalowa m'madzi ngati nthambi ya zomangamanga sikudziwa kuti ili ndi makalavati angati, ali pati, nanga ali bwanji. Kawirikawiri zonsezi zimakhala m'mutu mwa kapitawo mmodzi wakale, ndipo tsiku limene iye apuma pantchito amapita nazo kumudzi. Mzinda umene pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu oposa 800,000 sungayendere zimene munthu mmodzi akukumbukira. Mufunika kaundula, komanso anthu odziwa kumugwiritsa ntchito.

Yambani ndi wodi imodzi

Musayambe ndi mzinda wonse, mudzatopera panjira. Sankhani wodi imodzi imene ili ndi zonse: msewu wa phula, wa fumbi, ngalande zowaka, zokumba, ndi mlatho ngakhale umodzi. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, mvula itangotha, pamene zizindikiro za madzi zikuonekabe pamakoma ndipo zinyalala zikadali zokoleka pamene madzi adafika.

Gulu loyenda likhale la anthu atatu: tekinishani wolemba, wantchito wakale amene adakumbako kapena kuwaka m'deralo, ndi munthu wa m'komiti ya chitukuko ya wodiyo. Wachitatuyu musamusiye. Ndi amene angakuuzeni kuti pansi pa okala iyi pali kalavati imene idakwiririka kalekale, kapena kuti madzi amalowa m'nyumba ziti. Tengani foni yokhala ndi GPS, tepi ya mamita 30, tochi, chitsulo chobayira chotalika mita imodzi ndi theka, penti ndi burashi, chikwanje ndi magambutsi. Fomu yolembera ikani pa pulogalamu ya pafoni ya KoboToolbox, imene imagwira ntchito ngakhale popanda netiweki, ndipo mapu ake mudzajambula pa QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yosalipira. Yendani pansi. Kalavati saiyendera ali m'galimoto, pafunika kutsika, kugwada ndi kuunika m'kati ndi tochi kuchokera mbali zonse ziwiri.

Chinthu chilichonse chipatsidwe nambala yakeyake yosasintha: zilembo za wodi, chilembo cha mtundu wa chinthucho, kenako nambala. Nambalayo ilembedwe ndi penti pakhoma la kalavati kapena pamtengo wa getsi, kuti munthu wodandaula pafoni athe kuitchula. Msewu musaulembe wathunthu ngati chinthu chimodzi. Uduleni m'zigawo, kuchokera pamphambano kufika pamphambano ina, ndipo chigawo chisapitirire mamita 500. Msewu wa makilomita atatu ukhoza kukhala wabwino konse kupatula mamita 200 a m'chigwa, ndipo mukaupatsa giredi imodzi, malo ovutawo amabisika.

Pa chilichonse lembani malo, muyeso, chimene adamangira, chaka chomangidwa, m'mene chilili, chithunzi, tsiku, dzina la woyendera, ndi mwini wake. Za umwinizi zimaoneka zazing'ono koma zimadya nthawi yambiri. Misewu ikuluikulu ya dziko monga M1 ili m'manja mwa Roads Authority, pomwe ya m'kati mwa malokeshoni ndi ya khonsolo, ndipo pamene iwiriyi yakumana pamakhala ngalande imene aliyense amati ndi ya mnzake. Malo otere alembeni padera n'kukambirana mwa kalata. Chaka chomangidwa chikasowa m'mafayilo, funsani okhala pamalopo, lembani chaka choyerekeza ndipo muike chizindikiro choti n'choyerekeza. Bokosi lopanda kanthu silithandiza aliyense.

Kupereka magiredi

Gwiritsani ntchito magiredi asanu, ndipo tanthauzo la giredi iliyonse lilembedwe m'mawu oti awiri osiyana akaona chinthu chimodzi apereke nambala yofanana. Tengani kalavati. Giredi 1 ndi yoyera, yopanda mng'alu. Giredi 2 ili ndi mchenga wosafika kota ya kamwa lake. Giredi 3 yatsekeka mpaka theka, kapena khoma lake layamba kung'aluka. Giredi 4 yatsekeka kuposa theka, mapaipi alekana pamfundo, kapena madzi akumba pansi pa potulukira. Giredi 5 yagwa, kapena msewu pamwamba pake wayamba kutitimira. Chitaninso chimodzimodzi pa msewu, ngalande, mlatho ndi magetsi a mumsewu, ndipo pa giredi iliyonse muike chithunzi chenicheni cha mumzinda momwemuno.

Musanatumize magulu kumadera, atengeni oyendera onse limodzi kukaona zinthu khumi. Aliyense alembe giredi yake payekha osaonera mnzake, kenako mufananize. Tsiku loyamba mudzadabwa: kalavati yomweyo wina adzati 2, wina 4. Kambiranani mpaka kusiyana kusapitirire giredi imodzi. Mukadumpha sitepe imeneyi, kaundula wanu adzangoonetsa kuti woyendera wa ku Chilomoni ndi waukali kuposa wa ku Limbe.

Samalani ndi msewu wooneka bwino pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ming'alu yolukana ngati khungu la ng'ona pamene pamaponda matayala imasonyeza kuti maziko atopa, ndipo kuthira phula latsopano pamwamba pake n'kungotaya ndalama. Mng'alu umodzi wautali wotsata msewu kawirikawiri umakhala pamwamba pa dzenje la paipi limene silidatsenderedwe bwino. M'mbali mwa phula mukamanyenyeka, yang'anani phewa la msewu: nthawi zambiri lakokoloka ndipo phula latsala lolendewera.

Choyamba kukonza ndi chiti?

Giredi payokha siyankha funsoli. Pa chinthu chilichonse funsaninso kuti chikawonongeka, zotsatira zake n'zazikulu bwanji, ndipo mupereke nambala kuyambira 1 mpaka 5. Kalavati ya pamsewu umene maambulansi amadutsa popita ku Queen Elizabeth Central Hospital, kapena mlatho umene ndi njira yokhayo yolowera m'dera, zimatenga 5. Ya pakanjira kopita kunyumba zitatu imatenga 1. Chulukitsani nambala ziwirizi. Kalavati ya giredi 3 pamsewu wa 5 ipeza 15, ndipo iposa ya giredi 5 pakanjira ka 1, imene ipeza 5 basi.

Mndandanda umenewu ndi umene mupite nawo ku komiti ya khonsolo yoona zomangamanga. Makhansala ali ndi ufulu wosintha, pakuti ndiwo osankhidwa ndi anthu, koma akasintha asinthe akuona manambala, ndipo chifukwa chake chilembedwe m'maminitsi. Injiniya wopanda mndandanda amangotsata amene wakuwa kwambiri.

Pali msampha umodzi umene ngakhale odziwa ntchito amagweramo: kuthamangira choipitsitsa nthawi zonse. Msewu wa giredi 5 wafa kale, ndipo chaka chamawa mtengo woumanganso sudzasiyana kwenikweni, kupatula kukwera kwa zinthu. Wa giredi 3 ndiye uli pamphepete. Mukamata ming'alu yake ndi kuuthira chikopa chatsopano cha phula ndi timiyala chaka chino, mwaupatsa zaka zingapo pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanganso. Mukausiya mvula ziwiri kapena zitatu, nawonso ulowa m'gulu la 5. Chikopa chotere chimafuna kubwerezedwa pakatha zaka pafupifupi 7 mpaka 10, phula lisanaume n'kuyamba kusweka. Anthu adzafunsa chifukwa chake mukukonza msewu wabwinobwino pomwe wawo uli maenje okhaokha, choncho khalani ndi yankho lake musanayambe.

Lembaninso misewu imene yayamba kudutsa malole olemera a njerwa, mchenga ndi kwale pomwe idamangidwira magalimoto ang'onoang'ono. Kuwonongeka kwa msewu sikukula mofanana ndi kulemera kwa katundu. Ekiselo ikalemera kawiri, imawononga pafupifupi ka 16. Lole imodzi yodzaza mopitirira imachita zimene matakisi masauzande sangachite.

Kalendala ya chaka

Kuyambira mu 2022, chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, nthawi imene mvula ikutha. Zimenezi n'zothandiza kwa wokonzeka, pakuti miyezi yonse youma ili patsogolo. Koma bajeti imakonzedwa miyezi ingapo Epulo asanafike, ndiye zimene mwapeza poyendera mu Meyi ndi Juni zikhale zitawerengeredwa mtengo pofika kumapeto kwa chaka. Kugula kudzera m'malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, nako kumatenga miyezi: kulengeza, kuunika, kudikira madandaulo, kusaina. Mapepala a tenda akayamba kulembedwa mu Ogasiti, kontrakitala adzafika pamalo ndi mvula yoyamba ya Novembala, n'kumathira phula pamatope.

Ngalande ndi makalavati ziyeretsedwe kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, kuyambira kumunsi kupita kumtunda, kuti madzi apeze potulukira. Mchenga wochotsedwa unyamulidwe pasanathe masiku awiri. Kuunjika m'mbali mwa ngalande n'kusiya ndiko kulakwitsa kofala kwambiri, chifukwa mvula yoyamba imaubwezera momwe udachokera ndipo ndalama ya aganyu yapita pachabe. Musatumize gulu lokumba ngati thirakitala kapena tipa yonyamulira palibe. Majumbo opyapyala, amene malamulo a 2015 adaletsa osafika ma micron 60 kukhuthala kwake (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), akadali ambiri m'ngalande za m'misika, kotero pafupi ndi misika ya Limbe, Ndirande ndi Blantyre kuyeretsa kamodzi pachaka sikukwana.

M'nyengo ya mvula, khalani ndi mndandanda wa malo ovuta, ndipo m'mawa uliwonse wotsatira mvula yamphamvu wina akawaone. Pamilatho ya pa mitsinje ya Mudi, Naperi ndi Nasolo yang'anani mitengo ndi zinyalala zokoleka pazipilala, komanso ngati madzi ayamba kukumba pansi pa maziko. Namondwe Freddy mu Marichi 2023 adatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mpaka ku Chilobwe, ndipo adaonetsa kuti kuyendera kalavati yokha sikokwanira. Kwerani mamita angapo kumtunda kwake muone ngati anthu amanga m'khwawa, alima m'mphepete, kapena akumba miyala. Madzi saiwala khwawa. Pamene adafika pachigumula chachikulu, ikanipo chizindikiro cha penti ndi tsiku lake, chidzathandiza wopanga pulani ya mlatho wotsatira.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa pokonza

Chigamba cha phula chimene chimachoka pakatha mwezi chimakhala kuti chidathiridwa m'dzenje lozungulira, lafumbi kapena lonyowa. Dulani dzenjelo likhale la makona anayi, m'mbali mwake mowongoka, kufika pa phula lolimba. Ngati maziko afewa, achotseni mpaka mupeze polimba, muthire kwale kapena gelevulo wabwino n'kutsendera. Sesani, pakani phula lamadzi pansi ndi m'mbali, dikirani lisinthe mtundu kuchoka ku bulawuni kukhala lakuda, kenako thirani phula losakaniza m'magawo osapitirira mamilimita 50, gawo lililonse kulitsendera palokha. Pamapeto chigamba chikhale chokwera pang'ono, mamilimita 5 okha, pakuti magalimoto adzachitsitsa. Ndipo musanachoke funsani kuti madzi amene adabala dzenjeli adachokera kuti.

Msewu uyenera kupendekeka kuchokera pakati kupita m'mbali: wa phula masentimita awiri ndi theka kapena atatu pa mita iliyonse, wa gelevulo anayi mpaka asanu ndi limodzi. Woyendetsa giredala wosaphunzitsidwa amakonda kuphwathalalitsa msewu kuti uoneke wosalala, n'kusiya mzere wa dothi m'mbali umene umatsekera madzi pamsewu pomwepo.

Poika kalavati yatsopano yodutsa pansi pa msewu, kukula kwa kamwa lake kusatsike pansi pa mamilimita 600, ndipo ngati malo alola ikani ya 900. Yaing'ono imatchipa pogula koma imatsekeka ndi botolo limodzi ndi chisaka, ndipo munthu sangaiyeretse bwinobwino. Potulukira pake pawakidwe miyala kuti madzi asakumbe. Ngalande zokumba za m'malo otsetsereka, amene mu Blantyre ndi ochuluka, zimafuna timakoma todutsa tochepetsa liwiro la madzi, ndipo pamene potsetsereka pakula timakomato tiyandikane, apo ayi ngalandeyo ingowakidwa yonse. Matope owakira miyala akhale gawo limodzi la simenti pa magawo anayi a mchenga wopanda dothi, ndipo konkire azithiriridwa madzi masiku osachepera asanu ndi awiri.

Aliyense wofuna kudula msewu kuti adutsitse paipi kapena nthambo akhale ndi chilolezo cholembedwa, asiye ndalama ya chikole, ndipo pokwirira atsendere dothi m'magawo a mamilimita 150. Malo odulidwawo alowe m'kaundula ndi dzina la wodula, kuti akatitimira chaka chamawa mudziwe khomo logogoda.

Pa mapaipi a suweji opita ku malo oyeretsera monga a ku Zingwangwa ndi ku Manase, lembani manhole (dzenje lolowera kukafika pa paipi) aliyense ndi chivundikiro chake. Zivundikiro zachitsulo zimabedwa ndi ogulitsa zitsulo zakale, ndipo manhole wotsegula amameza mchenga ndi zinyalala mpaka paipi kutsekeka. Pamene sipadutsa magalimoto olemera, chivundikiro cha konkire chimakhalitsa chifukwa sichigulika. Munthu asalowe m'manhole ali yekha, asanapime mpweya, kapena wopanda chingwe m'chiuno. Mpweya wapoizoni wa m'suweji wotchedwa hydrogen sulphide ukachuluka mphuno imaleka kuumva, ndipo wolowa kukapulumutsa mnzake amagweranso momwemo.

Ndalama zake

Kaundula akakwanira, mungathe kunena nambala imene akuluakulu a zachuma amamva. Tengani mtengo womangiranso chinthu lero, mugawe ndi zaka zimene chimayenera kukhala. Tiyerekeze kuti ngalande yowaka ingamangidwenso ndi K60 miliyoni ndipo moyo wake ndi zaka 30: ndiye kuti chaka chilichonse ikutha ndi K2 miliyoni, kaya mwaikapo ndalama kaya ayi. Phatikizani zonse, mufananize ndi zimene khonsolo ikuikadi pa kukonza. Mitengoyo muziikonzanso chaka ndi chaka, pakuti kwacha ikagwa monga idachitira mu Novembala 2023, phula ndi dizilo zimakwera nthawi yomweyo.

Gawani bajeti patatu: ntchito za chaka ndi chaka monga kuyeretsa ndi zigamba, ntchito za pakapita zaka monga chikopa chatsopano ndi gelevulo, ndi za ngozi. Thumba lachiwiri ndi limene limabedwa msanga pakagwa vuto, chifukwa palibe amene amalira likasowa chaka chimenecho.

Ntchito yatsopano, kaya yamangidwa ndi ndalama za Roads Fund Administration, za CDF (thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu) kapena za abwenzi akunja, isalandiridwe popanda mapulani osonyeza m'mene yamangidwiradi, osati m'mene idajambulidwira poyamba. Nthawi imene kontrakitala amayenera kukonza zolakwika, imene kawirikawiri imakhala miyezi 12, ilembedwe pakalendala, ndipo muyendere ntchitoyo mwezi umodzi nthawiyo isanathe, ndalama zake zotsala zisanatuluke.

Anthu ogwira kaundulayo

Jambulani tebulo: kumanzere maina a antchito, pamwamba maluso ofunika, monga kupereka magiredi, kugwiritsa ntchito levulo (chida choyezera kukwera ndi kutsika kwa malo), kuwerengera zipangizo, QGIS, kuyang'anira kontrakitala, kuyendetsa giredala ndi chitetezo. Pamene luso lili ndi munthu mmodzi yekha, pamenepo ndi pamene maphunziro ayambire. Luso lililonse likhale ndi anthu osachepera awiri, chifukwa anthu amasamutsidwa, amadwala, ena amapeza ntchito kwina.

Malo ophunzirira ali pafupi. MUBAS, imene kale inali Polytechnic, ili ku Chichiri komweko ndipo imaphunzitsa uinjiniya. Amisiri owaka, owotcherera ndi a mapaipi angakweze mapepala awo kudzera ku TEVETA ndi ku Soche Technical College. Za kayendetsedwe ka ntchito za boma zimaphunzitsidwa ku Mpemba, kumene tsopano ndi gawo la Malawi School of Government. Mainjiniya ndi matekinishani amalembetsa ku Malawi Engineering Institution, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Wachinyamata amene wangochoka kukoleji apatsidwe injiniya wolembetsedwa womuyang'anira, ndipo azilemba buku la ntchito zimene wagwira mwezi ndi mwezi, losainidwa. Kuyesa kukumbukira ntchito za zaka zitatu usiku umodzi pofuna kulembetsa sikutheka.

Tinene mosabisa: maphunziro ambiri a kunyanja amapindulira thumba la wopitayo kuposa ngalande. Njira yodziwira ndi yosavuta. Asanapite, mugwirizane ntchito imene adzagwire akabwera. Wophunzira QGIS atulutse mapu a makalavati a wodi imodzi pasanathe masiku 30, ndipo aphunzitse anzake awiri. Wopita ku za kuyang'anira makontrakiti apatsidwe kontrakiti yaing'ono yoti ayendetse yekha. Zikalephereka, dzina lake lidikire kaye ulendo wina.

Maphunziro otchipa koposa ali m'nyumba momwemo. Kapitawo amene watsala miyezi isanu ndi umodzi kuti apume achotsedwe pa ntchito zina tsiku limodzi pa sabata, aziyenda ndi tekinishani wachinyamata wodi ndi wodi, akuloza pamene padutsa paipi yakale, pamene ngalande imalowa pansi pa nyumba, pamene nthaka imatitimira. Zonse zilowe m'kaundula tsiku lomwelo. Kamodzi pamwezi, gulu lonse likumane pamalo pamene ntchito idalephera, chigamba chochoka kapena khoma logwa, n'kufufuza chifukwa chake popanda kuloza munthu chala. Mukayamba kulanga pamisonkhano yotere, mwezi wotsatira zolakwika zonse zidzabisidwa.

Kaundula akhale ndi mwini mmodzi wotchulidwa dzina, ndi womuthandiza. Asasungidwe pa laputopu ya munthu. Akhale pa kompyuta ya ofesi ndi kope lina pa intaneti, lolowera ndi akaunti ya khonsolo, ndipo mwezi uliwonse kope lina lisungidwe padera. Excel ndi yokwanira zaka zoyambirira, musathamangire kugula pulogalamu yodula imene laisensi yake idzatha pulojekiti ikatha. Pepala lililonse lotumira gulu kuntchito likhale ndi nambala ya chinthu chokonzedwacho, ndipo lisatsekedwe mpaka wina alembe zimene zachitika, zipangizo zimene zalowa, masiku a antchito, chithunzi ndi giredi yatsopano. Pakatha zaka ziwiri, mapepala amenewa adzakuuzani mtengo weniweni woyeretsera mita imodzi ya ngalande ku Mbayani poyerekeza ndi ku Namiwawa, komanso kalavati imene mwaiyeretsa kasanu ndi kamodzi pomwe imangofunika kusinthidwa ndi yaikulu.